WILLIAM KOYI, MUNTHU WOUGWIRA MTIMA

Munthu akakwera phiri la Dedza m'nyengo yachisanu, nkhungu itayera, napenya kumwera chakumadzulo, aona phiri lina lalitali tsidya la malire, m'dziko la Mozambique. Dzina lake ndilo Domwe. Kale malire amenewo kunalibe, ndipo dziko lonse la mapiri lino linali kuopa Angoni a kwa Maseko, amene anadzakhazikika pa Domwe ngati chaka cha 1870. Mfumu yao yaikulu inali Chikusi, atate wake wa Gomani woyamba. Masiku amenewo anthu a m'midzi ya Achewa akangomva kuti nkhondo ya Angoni yatuluka, anali kusiya nkhokwe zao ndi mbuzi zao, nathawira m'mapanga ndi pamwamba pa mapiri.

M'chaka cha 1878, mwezi wa Ogasiti, ulendo wachilendo unakwera zitunda kuchokera kunyanja, ulikupita kwa Chikusi. Pa ulendowo panali Azungu awiri, amtengatenga ambiri, ndi munthu wina wakuda wochokera kutali kumwera, amene analankhula chinenero chomveka kwa Angoni. Munthuyo ndiye William Koyi. Sanali mfumu, sanali mbusa wodzozedwa, ndipo maphunziro ake sanali akuya. Koma dzina lake silinaiwalike kufikira lero, chifukwa anadziwa chinthu chimodzi chimene chimakanika ngakhale ngwazi za nkhondo, ndicho kuugwira mtima pamene anthu ena onse apsa mtima kapena agwidwa ndi mantha.

Koyi anabadwa m'chaka cha 1846 pafupi ndi mtsinje wa Thomas River, ku South Africa, ndipo mtundu wake anali Mxhosa. Ali mnyamata wa zaka khumi, tsoka lalikulu linagwera anthu a kwao. Mtsikana wina dzina lake Nongqawuse ananena kuti mizimu yalamula anthu kupha ng'ombe zao zonse ndi kuleka kulima, kuti makolo akale auke kwa akufa nadze ndi ng'ombe zatsopano. Ambiri anamvera m'zaka za 1856 ndi 1857. Makolo aja sanauke ai. M'malo mwake kunadza njala yoopsa, anthu zikwi zambiri nafa, otsala nabalalika kukafuna ntchito kwa Azungu. Koyi analowa ntchito kwa alimi Achibunu, nakhala wotsogolera ng'ombe za ngolo. Mwana aliyense amene anatsogolerapo ng'ombe pa njira ya matope adziwa kuti ngolo ikatitimira, mkwapulo wa munthu wokwiya suitulutsa msanga. Ng'ombe zingosokonezeka ndi kupotoza goli. Imeneyo ndiyo inali sukulu yake yoyamba.

Pambuyo pake anagwira ntchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, nakwezedwa kukhala kapitao, ndipo atachoka kumeneko anakalowa ntchito m'nyumba zosungiramo katundu ku Port Elizabeth, mzinda umene lero autcha Gqeberha. Anali asanalowepo m'sukulu chibadwire, koma ali wamkulu kale anayamba kudziphunzitsa yekha kuwerenga Chixhosa. M'chaka cha 1869 anatembenuka mtima nalowa mu mpingo wa Wesile. Tsiku lina, pa nthawi yopuma masana, anatola kapepala kong'ambika ka nyuzi ya Chixhosa yosindikizidwa pa sukulu yaikulu ya mishoni ya Lovedale. Atafunsa anamva kuti Lovedale iri kutali mamailosi 150. Tsono ananyamuka, nayenda ulendo wonsewo pansi, nafika m'chaka cha 1871, ali ndi zaka 25.

Sichinali chinthu chapafupi kuti munthu wamkulu, amene anakhalapo kapitao, akhale pansi kuphunzira pamodzi ndi anyamata aang'ono omposa iye pa kuwerenga ndi pa masamu. Ena akadachita manyazi nabwerera. Iye anapirira zaka zisanu, ndipo akulu a sukulu anamkhulupirira kotero kuti anamuika athandize kuyang'anira magulu a anyamata pa ntchito zamanja.

M'chaka cha 1876 mkulu wa sukuluyo, Dotolo James Stewart, anafunsa ophunzira ngati alipo ena ofuna kukathandiza mishoni yatsopano ya Livingstonia, imene inayamba chaka chapitacho pa Cape Maclear, kumwera kwa nyanja ya Malawi. Anadzipereka anthu 14, ndipo Koyi anali mmodzi wa iwo. Podzipereka pake sanadzitame. Anadziyesa munthu wa theka la talente, woyenera kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Anasankhidwa anai okha: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi. Pa anaiwo, Wauchope anadwala nabwezedwa kwao. Mngunana anamwalira pa Cape Maclear m'chaka cha 1877. Ntintili anagwira ntchito zaka zowerengeka, makamaka ku Blantyre, nabwerera. Wotsala anali uja wa theka la talente.

Malo a Cape Maclear anali a malungo, ndipo manda a amishoni anayamba kuchuluka. Chifukwa chake Dotolo Robert Laws anafuna kuyendera dziko la mapiri kumadzulo kwa nyanja, kuti aone ngati angapeze malo abwino, ndiponso kuti apalane ubwenzi ndi mafumu a Angoni. Mnzake pa ulendowo anali James Stewart wina, mmisiri wa miseu, mbale wake wa Dotolo Stewart uja. Koma Azungu awiriwo sakadatha kulankhula ndi Chikusi pa okha. Chixhosa ndi Chingoni ziri ngati ana a mimba imodzi, pakuti makolo a Angoni anachokera kumwera komweko. Chotero pakamwa pa ulendo wonse panali Koyi.

Atafika m'dziko la Chikusi, mfumu sinafulumire kuonana nao. Inawakhazika masiku angapo alikudikira, m'mphepo yozizira ya mapiri ano, osadziwa ngati adzalandiridwa kapena kuphedwa. Mafumu akulu anali kutero kawirikawiri, kuti aonetse ukulu wao, ndi kuti ayese mlendo ngati ali ndi ulemu. Mlendo wopupuluma, wolankhula mwaukali kuti iye sangadikire munthu, anali kudziweruza yekha. Amtengatenga anali anthu a kunsi kunyanja, amene midzi yao inadziwa bwino nthungo za Angoni, ndipo kwa iwo tsiku lililonse lodikira linali lalitali. Pakati pa anthu amantha ndi ankhondo odzikuza, kanthu kakang'ono, monga kukankhana pa chitsime kapena mau amodzi achipongwe, kakadatha kuyatsa moto wosazimitsika.

Apa mpamene ntchito ya womasulira mau ionekera kulemera kwake. Womasulira ndiye ayamba kumva mwano wonse, mwini wake asanaumve. Akakhala wa mtima wapachala, aonjezera tsabola pa mau a uyu ndi a uyo, ndipo anthu amenyana chifukwa cha iye. Akakhala wamantha, abisa choonadi, nanena zokondweretsa zokhazokha, ndipo bodza lake lidzaululika mawa. Koyi sanachite chimodzi cha ziwirizi. Anadziwa mwambo wa pabwalo la mfumu, analankhula ndi nduna mwaulemu ndi mosabisa, ndipo Angoni pakumva chinenero cha makolo ao pakamwa pake anamuyesa mbale wao. Potsiriza Chikusi anaonana nao, ndipo alendo anachoka m'dziko lake mwamtendere, mwazi wosakhetsedwa.

Wina angati ulendowo unapita pachabe, pakuti mishoni sinamangidwe pa Domwe, ndiponso Chikusi sanaleke nkhondo. M'chaka cha 1884 ankhondo ake anaoloka Shire nakathira nkhondo ku mapiri a Blantyre. Koma khomo limene linatsegulidwa mwaulemu silinatsekedwe konse. M'chaka cha 1887 Dotolo George Henry anamanga mishoni pa Livlezi, m'dziko la Chikusi lomwelo, ndipo m'chaka cha 1902 amishoni a Dutch Reformed anamanga pa Mlanda, pamwamba pa mapiri, pakati pa Angoni enieni.

Atachoka kwa Chikusi, a ulendo aja analunjika kumpoto, nayenda pafupifupi miyezi itatu. Kumpotoko kunali Angoni ena, a kwa Jere, amene mfumu yao inali M'mbelwa, mwana wa Zwangendaba uja anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Kumeneko ndiko Koyi anakathera moyo wake. Angoni a M'mbelwa anali atagonjetsa Atonga nawasandutsa anthu ao. Koma Atonga ambiri anathawa nabwerera kunyanja, namanga malinga, ndipo Angoni sanawakhululukire. Amishoni anamanga pa Bandawe pakati pa Atongawo, ndipo m'chaka cha 1881 anasamutsira likulu lao kumeneko. Kwa Angoni ichi chinaoneka ngati Azungu aima kumbali ya akapolo othawa.

M'masiku oyamba a ku Bandawe kunachitika chinthu chimene chinamveketsa dzina la Koyi koposa zonse. Mbiri inafika yakuti gulu la nkhondo la Angoni latsika m'mapiri, liri pafupi, ndipo anthu a m'midzi anathawa. Koyi anapita kukakomana nalo. Anawapeza pa kamtsinje, anyamata a zishango ndi nthungo, mitima iri m'mwamba. Atamuona anatukula zishango zao nayamba kumuopseza. Tsono panali njira ziwiri zimene thupi la munthu limafuna pa nthawi yotere. Yoyamba ndiyo kuthawa. Koma wothawa pamaso pa ankhondo asanduka nyama, ndipo nthungo imtsata kumsana. Yachiwiri ndiyo kukalipa ndi kuopseza. Koma mnyamata amene waopsezedwa pamaso pa anzake sangathe kubwerera osalasa, kuopa kusekedwa.

Koyi sanatsate njira ina mwa izi. Anakhala pansi m'mbali mwa madzi, navula nsapato imodzi, nayamba kutsuka phazi lake pang'onopang'ono. Atatha anavula inzake, natsuka phazi linalo, navalanso nsapato zake osafulumira, monga munthu amene ali pa dambo la kwao. Ankhondo aja anathedwa nzeru. Munthu wokhala pansi alikutsuka mapazi amlasa bwanji? Ndipo ndani munthu ameneyu wosaopa? Ukali uli ngati moto wa mapesi: ukapanda kuonjezeredwa nkhuni sukhalitsa. Mitima yao itatsika, Koyi anawalankhula m'chinenero chao nawapempha akhale pansi kuti akambirane, ndipo anakhala. Tsiku limenelo nkhondo sinafike pa Bandawe.

Ana ambiri amaganiza kuti wofatsa ndiye wamantha, ndi kuti wobwezera msanga ndiye mwamuna. Pa kamtsinje paja amuna a nthungo anali ambiri, koma amene analamulira zochitika anali mmodzi, wosanyamula chishango. Sanayambe ndi kugonjetsa iwo. Anayamba ndi kugonjetsa miyendo yake kuti isathawe, ndi lilime lake kuti lisakalipe.

Komabe kulimba mtima kwa ola limodzi nkwapafupi poyerekeza ndi kupirira kwa zaka. M'chaka cha 1880 Koyi anapita kwao kukapuma, nakwatira mwana wa mbusa wina. Ndipo anabweranso, mkazi wake namtsata pambuyo. M'chaka cha 1882 anakwera ku mapiri nakamanga pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, moyandikana ndi mudzi wa a Chipatula, nduna zamphamvu za M'mbelwa. Iye ndiye mmishoni woyamba kukhazikika pakati pa Angoni a kumpoto, ndipo iwo anamdziwa ndi dzina lakuti Mtusane. Posachedwa anamtsata James Sutherland, mlimi wa ku Scotland, ndipo pambuyo pake anadza George Williams wa ku Lovedale, ndi Dotolo Walter Elmslie m'chaka cha 1885.

Angoni anamlola kukhala, koma anamletsa chinthu chimene anadzera. Sukulu anaikana. Akulu anaona kuti ana akaphunzira Mau a Mulungu adzakana kupita ku nkhondo, ndipo mtundu umene chuma chake chinali ng'ombe zolanda ndi anthu ogwidwa udzakhala bwanji wopanda nkhondo? Pamenepa akuluwo sanali opusa. Anaona patali, ndipo anaona zoona. Anafunanso kuti amishoni asiye Atonga nakhale a Angoni okha. Chotero Koyi analoledwa kulalikira pa Sabata m'mudzi wa a Chipatula, koma kusonkhanitsa ana ndi kuwaphunzitsa kunali koletsedwa.

Zaka zinai zinapita motero. Anthu anali kubwera pakhomo pake tsiku ndi tsiku, ena kudzapempha nsalu ndi mikanda, ena kudzatukwana atakanidwa, ena kudzangomuyesa. Anali kuona magulu a nkhondo alikutuluka kunka kunyanja, naonanso pobwera ali ndi akazi ndi ana ogwidwa, a mtundu womwe uja anzake anali kuuphunzitsa pa Bandawe. Mtima wa Mkristu uyenera kuwawa poona zotere, ndipo Koyi sanaleke kunena poyera kuti kupha ndi kulanda ndi tchimo. Koma kudzudzula tchimo nkwina, kupsera mtima wochimwayo nkwina. Akadakalipa pabwalo tsiku limodzi lokha, akadapatsa adani a mishoni chifukwa chimene anali kuchifuna, ndipo akadapirikitsidwa kapena kuphedwa. Pamenepo sipakadatsala munthu wolankhulira Atonga kwa M'mbelwa. Panali masiku ena oopsa kotero kuti iye ndi Sutherland anakhala okonzeka kuthawa usiku. Koma kutacha anali pomwepo.

Chida chake chachikulu chinali kukhala pansi ndi kumvetsera. Mlandu wa Chingoni sunali kutha msanga. Nduna iliyonse inayenera kulankhula kufikira mau ake atatha. Azungu, ozolowera kuyang'ana nthawi, zinali kuwavuta zimenezi, ndipo Elmslie mwini, m'buku limene analemba pambuyo pake la ntchito ya pakati pa Angoni, anachitira umboni kuti ntchitoyo inatsamira kwambiri pa kuleza mtima ndi nzeru za Koyi. Akulu akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono ya pa Njuyu inabisa maso ake zaka zinai.

Kodi mphamvu yotere anaitenga kuti? Kuugwira mtima kwa Mkristu sikuli kumeza mkwiyo ndi kuusunga m'mimba kufikira tsiku lobwezera, monga achita munthu wa mangawa. Mtumwi Paulo, polembera Agalatiya, anawerengera kuleza mtima, chifatso ndi chiletso pakati pa zipatso za Mzimu. Ndipo chipatso sichipsa tsiku limene mtengo wabzalidwa. Koyi anali munthu wopemphera. Anakhulupirira kuti ntchito inali ya Mulungu, si yake ai, ndipo chifukwa chake mwano wa anthu sunamlase monga ulasa munthu wodzikuza. Amene anadziyesa wotema nkhuni ndi wotunga madzi analibe ulemu woti aumenyere nkhondo. Ndiponso Angoni aja anawakonda. Sanawaone ngati zirombo, koma ngati abale ake.

M'zaka zomwezo mbeu inali kumera mobisika. Anyamata ena anayamba kubwera ku mishoni usiku, anthu atagona, kudzaphunzira kuwerenga. Mwa iwo munali Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, ana a sing'anga wodziwika wa m'dzikomo. Sukulu yoletsedwa masana inali kuphunzira ndi nyali.

M'chaka cha 1885 Sutherland anamwalira, naikidwa pa Njuyu. Kuchiyambi kwa 1886 mvula inakana, ndipo mbeu zinayamba kufota. Angoni anapereka nsembe kwa mizimu, koma kumwamba kunangoti mbee. Potsiriza akulu anadza kwa amishoni kudzapempha kuti apemphere kwa Mulungu wao. Amishoni anachita mapemphero pamaso pa anthu ambiri, ndipo posachedwa mvula inagwa. Mulungu sali ngati mankhwala a mvula oti munthu awagwiritse ntchito pamene afuna, ndipo amishoni sanadziyese eni mvula. Koma chinthu chimodzi chiri choonekeratu: akulu aja anadza ku Njuyu chifukwa pa Njuyu panali anthu amene sanawabwezere chipongwe, ndipo njira yopita kumeneko inali isanamere udzu.

Pa nthawi imeneyi thupi la Koyi linali litatha mphamvu. Anadwala, ndipo nthenda inakula kotero kuti sanathenso kudzuka. Ali chigonere, kunafika nduna zotumidwa ndi M'mbelwa ndi akulu a dziko, kudzanena kuti bwalo lagamula: amishoni aloledwa kulalikira m'dziko lonse ndi kutsegula masukulu. Elmslie analowa m'chipinda namuuza mau amenewo. Wodwalayo anayamika Mulungu ndi pemphero lija la nkhalamba Simeoni, amene anadikira zaka zambiri m'Yerusalemu kufikira ananyamula mwana Yesu m'manja mwake m'Kachisi.

William Koyi anamwalira pa 4 Juni 1886, ali ndi zaka ngati 40, ndipo anamuika pa Njuyu pafupi ndi manda a Sutherland. Sukulu imene anaidikira sanaione ndi maso; inatsegulidwa pa Njuyu chaka chomwecho chisanathe. M'chaka cha 1889 mishoni ina inamangidwa pa Ekwendeni, ndipo m'chaka cha 1890 Mawelera ndi Makara Tembo anabatizidwa, oyamba m'dziko la M'mbelwa. Mawelera anakhala mphunzitsi ndi mlaliki pa Njuyu pomwepo zaka zambiri, napeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a Chingoni.